Tonde wa Mpingasa

Kalekale, pa mphambano ina pamene misewu itatu inkakumana, panali kamsika kotchedwa Kaphirikamodzi. Panali ogulitsa tomato, panali okonza njinga, panali osoka nsapato. Ndiye panalinso bambo wina, dzina lake Mpingasa, mwini chiwaya chachikulu kuposa zonse pamsikapo.

Mpingasa ankakazinga kanyenya wa mbuzi ndi tchipisi. Dzanja lake linali labwino, inu! Mchere ankaudziwa, tsabola ankamudziwa, moto ankaudziwa. Basi ikangoima, anthu ankatsika fungo litawakoka mphuno, ena mpaka kusiyidwa ndi basiyo nyama ili m'kamwa.

Koma kuseri kwa chiwayacho kunali nkhani ina. Mpingasa ankakulunga chilichonse m'majumbo, timatumba tapulasitiki topyapyala tija. Wogula nthuli imodzi, jumbo. Wogula nthuli ziwiri, jumbo. Wodyera pomwepo, jumbo ndithu. Anthu akadya ankangotaya pansi, ndipo iye ankasesera zonsezo kuseri, kumene ankamangirira mbuzi zake. Mitengo ya pafupi nayo anali atailowetsa kale yonse pansi pa chiwaya.

Pakati pa mbuzizo panali tonde wina wandevu, amene Mpingasa anamutcha Bwanamkubwa. Ameneyu mpeni sunkamuyandikira. Ankamusungira ukwati wa mwana wake wamkazi, Felesita.

Tsiku lina kunabwera mlangizi wa zaumoyo, Mayi Chikakuda, atakwera njinga yawo yakapalasa. Anayang'ana kuseri kuja, napukusa mutu.

"Bambo Mpingasa, majumbowa achuluka," anatero. "Bwanji osakulunga m'masamba a nthochi, monga achitira anzanu a zitumbuwa aja?"

Mpingasa anawomba m'manja mwaulemu. "Mawu anzeru amenewo, amayi! Mawa lomweli ndiyamba."

Njinga itangokhota, anatembenukira kwa mkazi wake Nagama, amene ankasenda mbatata. "Masamba a nthochi! Ine ndine wabizinesi, sindine nyani."

"Koma bambo a Felesita, mwalonjezatu," anatero Nagama.

"Ndalonjeza mawa, mkazi wanga. Kodi mawa linathapo?"

Patapita mwezi, amsika onse anagwirizana kuti aliyense akumbe dzenje la zinyalala. Wa tomato anakumba. Wa njinga anakumba. Mpingasa anati msana ukumupweteka. Koma tsiku lina ataona njinga ya Mayi Chikakuda ikutulukira patali, msana unachira pompo. Anatola chikwanje, napalapasa pansi katatu, kenaka n'kuima pambali akupukuta thukuta.

Mayi Chikakuda anawerama kuti aone bwino. "Ili ndi dzenje la zinyalala, kapena mukusema bawo?"

"Likukula, amayi," anayankha Mpingasa. "Ngakhale chitsime chinayamba chomwechi."

Mayiwo atachoka, iye anafotsera kadzenjeko ndi phazi. "Kodi dzenje limagula tchipisi? Nthawi yokumba dothi, makasitomala anga aziwakazingira ndani?"

Mvula itayandikira, amsika anagwirizananso kuti aliyense wosonkha moto wa nkhuni adzale mitengo. Mbande zinabwera zaulere. Mpingasa anatenga zake n'kuzisiya padzuwa mpaka zinauma gwa. Tsiku loyendera litafika, analawirira kumunda kwa mnzake, nadula nthambi yaikulu ya mango, n'kudzaizika pafupi ndi chiwaya. Anaithirira madzi, anaipondera dothi, anaimangira ndi kampanda komwe.

Mayi Chikakuda anafika, naima, nayang'ana m'mwamba. "Mtengo wodzala chaka chino, uli kale ndi timango?"

"Dothi la pano n'lachonde, amayi."

Mayiwo anangotsamiritsa njinga yawo pamtengopo. Mtengo uja unapendekeka, unapendekeka, kenaka khuu! Mtengo pansi, njinga pansi, kampanda pansi.

"Nanga mizu ili kuti, Bambo Mpingasa?"

Mpingasa anakanda m'mutu. "Ndi mtengo wamakono umenewu, amayi. Umayamba ndi zipatso, mizu imabwera pambuyo."

Msika wonse unafa nacho chiseko. Mayi Chikakuda nawo anaseka, koma podzutsa njinga yawo anati, "Ine mutha kundinamiza, bambo, chifukwa ndimabwera n'kupita. Koma malo ano sapita kulikonse. Mutsala nawo ndinu."

Tsono nthawi yonseyi, Bwanamkubwa anali kuseri kuja. Msipu kunalibe, mthunzi kunalibe, koma majumbo onunkhira mchere ndi mafuta ndiye anali mbwee. Mimba ya tondeyo inayamba kukula. Inakula ngati mtsuko, inakula ngati ng'oma, inakula mpaka poyenda inkachita kupukusika uku ndi uku.

Mpingasa ananyada kwabasi. Aliyense wodutsa ankamukokera kuseri. "Taonani mimba iyo! Munaionapo mbuzi yonona chonchi?"

Nagama yekha ndi amene sanakondwe. "Bambo a Felesita, mimba ikukuladi, koma nthiti zikuchita kuonekera. Ndikamupatsa madeya akungonunkhiza."

"Olemera onse amadya pang'ono," anatero Mpingasa.

Ukwati unafika. Akuchimuna anabwera gulu, motsogozedwa ndi amalume a mkwati, a Sikelo, bambo wamtali wokonda nthumbwana, zam'kati za mbuzi zokulunga ndi matumbo zija. Mpingasa anali atawatumizira kale uthenga kuti asadye kwa masiku awiri, chifukwa nthumbwana za Bwanamkubwa zidzafuna malo.

M'mawa wa tsikulo, dzuwa litangotuluka, Mpingasa anaitana anthu onse kuti adzaone. Anaitana akuchimuna, anaitana akuchikazi, anaitana ndi odutsa m'njira omwe. Tonde anaphedwa, napachikidwa, nasendedwa. Chikopa chitachoka, anthu anayang'anana. Miyendo inali ngati ndodo, msana ngati chipeso.

"Musadandaule," anatero Mpingasa akunola mpeni. "Mafuta onse ali m'kati."

Anang'amba chifu. M'malo mwa mafuta, kunasuzumira kanthu kakuda. Anakoka. Jumbo! Anakokanso. Jumbo labuluu! Anakokanso. Jumbo lamizeremizere, litalukana ndi linzake, linzakelo litalukana ndi linzake, mpaka Mpingasa anayamba kubwerera m'mbuyo akukoka ngati akutunga madzi pachitsime. Fungo lake, agalu okha ndi amene anasendera pafupi.



Kenaka a Sikelo anatsokomola, nati, "Asewere, kwanu kuno mwatukuka ndithu. Mbuzi imabwera ndi zokulungira zake zomwe?"

Chiseko chinaphulika. Azimayi anagwirana mapewa, azibambo anakhala pansi, woimba ng'oma anagwa chagada. Mpingasa anayesa kuseka nawo, koma mano okha ndi amene anaoneka.

Zam'katizo anakazikwirira kutali. Nyama yotsalayo sinakwane ngakhale akuluakulu okha. Nagama anapha nkhuku zake zonse, koma alendo ambiri anadyera nyemba ndi kabichi, pa ukwati wa mwana wa mwini chiwaya!

Masana, Mpingasa anapeza Felesita kuseri kwa nyumba, atavala diresi lake loyera, misozi ili chuchuchu.

"Ababa," anatero mwanayo, "kumene ndikupitaku akandipatsa dzina lanji? Ayamba kale kunong'onezana kuti ndine mwana wa kwa Majumbo."

Chiseko cha anthu Mpingasa anachipirira, koma misozi ya mwana wake inamulasa mumtima.

Ndipo nkhani sigona panjira. Pofika Lolemba inali itafika kale pamsika, itakwera basi, itatsika m'misewu yonse itatu. Anthu ankaima patali ndi chiwaya n'kumafuula, "A Mpingasa, ya leroyi mwaichotsa jumbo?" Tsiku loyamba nyama inatsala. Tsiku lachiwiri inatsala. Tsiku lachitatu ngakhale ntchentche zinkaoneka ngati zikukayika.

Tsiku lachinayi Mpingasa sanasonkhe moto. Anavala jekete, nayenda wapansi mpaka kwa Mayi Chikakuda, chipewa chili m'manja.

"Amayi, ndabwera. Ndiuzeni poyambira."

"Mubwere mawa," anatero mayiwo, nkhope ili gwa.

Mpingasa anagwada. "Chonde amayi, mawa limenelo ndikulidziwa bwino. Ndine ndinalipanga."

Apo Mayi Chikakuda analephera kudzigwira, naseka mpaka kupukuta maso. Anatulutsa matumba akale a feteleza, nabwerera naye kumsika. Anatola, anatola, anatola. Wa tomato anabwera kudzathandiza, wa njinga anabwera, wosoka nsapato anabwera, aliyense ndi nthabwala yake, ndipo Mpingasa anazimeza zonse. Zimene anakana kuchita chaka chonse anazichita sabata imodzi, msana osamupweteka ngakhale pang'ono. Mbuzi zotsalazo anazisamutsira kudambo kwa msipu.

Anthu anabwerera pang'onopang'ono, poti mphuno siisunga mangawa. Koma Mpingasa amene anamupeza anali wina. Munthu ukangogwetsa kanthu pansi, ankasiya nyama pamoto n'kukuyang'ana mpaka utatola.

Tsiku lina basi inaima pamphambanopo. Bwana wina wovala suti, atakhala pawindo, anamaliza kudya zimene anagula kwina, n'kuponya jumbo panja. Basi inanyamuka. Mpingasa analiona jumbolo likutera. Analitola, naliyatsa liwiro, chipande chili kudzanja linalo. Anadutsa a tomato, anadutsa a njinga, anadumpha ngalande, mpaka anaipeza basi ija ikuchedwa pa chitunda. Anaponya jumbolo pawindo, ndipo linagwera pamiyendo pa mwini wake.

"Bwana!" anafuula ali wefuwefu. "Mwaiwala katundu wanu!"

Basi yonse inaombera m'manja, ndipo bwanayo anapinda jumbo lake bwinobwino n'kuliika m'thumba la suti.

Ndiye anzanga, phunziro lake ndi ili: chimene wataya kuseri sichipita kutali, chimangozungulira nyumba n'kudzakupeza pakhomo alendo ali pomwepo. Wamalonda wosamala malo ake amasamala malonda ake omwe.

Nthano yanga yagonera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaiphule msanga, isanasanduke khala.