Ming'oma Zana ya a Mzumara

Panali munthu wina kumapiri a kumpoto, a Mzumara, mlimi wa njuchi. Kayendedwe kawo kanali aka: chifuwa patsogolo, mikono kutali ndi nthiti ngati apana maungu m'khwapa, phazi pha! pha! Akatsegula pakamwa: "Ine? Njuchi zikandiona zimavula zipewa!"

Bambo awo anawasiyira ming'oma ya makungwa isanu ndi iwiri, ndi lamulo limodzi. Ukasenda mtengo umodzi kuti upange mng'oma, khumi yoyandikana nawo usaikhudze, pakuti mtengo wosendedwa kuzungulira umauma.

"Isanu ndi iwiri? Masanje amenewo. Ine zana!"

Basi analowa m'phiri ndi nkhwangwa. Mtengo uliwonse wonenepa wa mombo anauvula malaya. Ming'oma inalendewera paliponse, mpaka akhwangwala ankachita kupempha njira.

Nyengo ya maluwa inafika, koma phiri lili mbuu, nthambi gwa. Itakwana nthawi yofula uchi, a Mzumara anakwera ndi utsi ndi ndowa zitatu. Mng'oma woyamba, buluzi. Wachiwiri, buluzi ndi akazi awo. Wachitatu, nyerere zili pamsonkhano. Uchi wa zana lonselo sukananyowetsa ngakhale mlomo wa khanda.

Kutsidya kwa mtsinje kunali alamu awo, a Chirambo, a ming'oma isanu yokha, yakalekale, koma uchi kuchita kudontha. A Mzumara anaoloka, pha! pha!

"Alamu, bwezani njuchi zanga! Mwaziitana ndi mankhwala inu!"

"Pepani alamu, khalani pansi, muyambe mwalawa umboni."

A Chirambo anawapatsa chisa cha uchi. Munthu anadya mlandu uli m'kamwa, mpaka ndevu kumatana.

"Tsopano lozani zanuzo, muzikuse, mupite nazo," anatero a Chirambo. "Paja zikakuonani zimavula zipewa."

A Mzumara anayang'ana kumwamba. Mitengo ili yobiriwira, yodzaza maluwa, njuchi zili wuu ngati chigayo. Anacheukira kwawo. Phiri lili yoo, mitengo yoyera ngati mafupa, uliwonse utanyamula mng'oma wopanda mwini. Chifuwa chija chinaphwa pang'onopang'ono ngati tayala la njinga.

"Musadandaule," anatero a Chirambo. "Mizu ikadali moyo, ndaona ikuphukira. Mungoiteteza ku moto. Pakadali pano bweretsani ming'oma isanu mupachike kuno, tizinyambita limodzi."

A Mzumara ananyambita chala, naseka mpaka misozi.

"Alamu, mankhwala anu palibe. Mfiti ndine. Ndinazimangira njuchi nyumba zana, koma munda wake ndinausenda wonse."

Tsono inu, musanakweze nkhwangwa, yambani mwayang'ana kumwamba. Chimene mukufuna kukololacho chimadya kuti? Mukayankha, sendani umodzi, khumi muisiye.