Akodiyoni ya Malemu Zammit

Ku Mackay konse, tauni ya alimi a nzimbe, Dominic Zammit ankadziwika ndi chinthu chimodzi: sankalola kudyeredwa masuku pamutu. Anali makaniko wa makina odulira nzimbe, munthu wa manja abwino koma wamakani osaneneka. Akangoti "tinagwirizana," ndiye kuti nkhani yatha, ngakhale mutamugwadira.

Lamlungu lina masana anali m'khitchini mwa mlongo wake Rosaria, akudikira kuti mapastizi, timikate ta ku Malta, apse mu uvuni. Foni ili m'manja, ankasakasaka zitsulo zakale za thirakitala pa okushoni ya pa intaneti, pamene anthu amapikisana mitengo. Mwadzidzidzi maso ake anagwera pachithunzi china.

"Rosa, tabwera udzaone."

"Ngati ndi thirakitala ina yakufa, achimwene, ndisiyeni. Manja anga ali ndi ufa."

Sinali thirakitala. Inali akodiyoni, choimbira cha mvukuto chokoka ndi manja, yofiira, yosuluka m'mbali, ndipo pangodya pake panali chipsera chakuda. Rosaria anayang'anitsitsa, kenaka anakhala pansi. Chipsera chimenecho anachipanga ndi iyeyo ali kamtsikana, tsiku limene anagwetsa nyali pa ukwati wa azakhali awo. Inali akodiyoni ya malemu bambo awo, a Salvu, imene inavinitsa maukwati onse a anthu akwawo ochokera ku Malta odula nzimbe m'deralo. A Salvu anaigulitsa chaka chimene namondwe anagonetsa munda wawo wonse wa nzimbe, ndipo inayenda m'manja ambiri mpaka kukafika kuchilumba chakutali cha Tasmania.

Amayi awo, a Concetta, anali kunyumba yosamalira okalamba. Mutu unali utayamba kutaya zinthu: mayina a adzukulu, masiku, nthawi zina ngakhale nkhope ya Dominic yemwe. Koma nyimbo za mwamuna wawo sizinawachoke. Ankazing'ung'udza akamapesedwa tsitsi. Adokotala anali atanena kale poyera kuti mtima watopa, ndipo sudzafika patali.

Dominic anapikisana ndi anthu ena mpaka anapambana. Wogulitsayo anali Mayi Glenys Pybus, wamasiye wa ku Burnie, ku Tasmania komweko, amene ankagulitsa katundu wotsala m'shedi ya malemu mwamuna wake. M'mawa mwake kunabwera uthenga wochokera kwa mayiyo.

"Bambo Zammit, pepani kwambiri, ndinalakwitsa. Polemba mtengo wotumizira ndinayeza akodiyoni yokha, bokosi lake ndinaliiwala. Kuti ibwere m'bokosi mwake, yokulungidwa bwino, pakufunika madola ena makumi asanu ndi limodzi. Ine ndimadalira penshoni. Kodi sitingagawane?"

Dominic anaseka chikhakhali. "Wayamba! Lero bokosi, mawa atiuza kuti anaiwala malamba."

"Lipirani, achimwene," anatero Rosaria. "Ndalama imeneyo mumaimwera mowa Loweruka limodzi."

"Si nkhani ya ndalama iyi. Mtengo analemba yekha ndi dzanja lake. Ndinamukakamiza ine?"

"Ndiye ndilipira ndine. Ndipatseni nambala yake."

"Usayerekeze. Anthu amenewa amanenepa chifukwa cha ofewa mitima ngati iwe."

"Chabwino, muuzeni kuti ndi ya bambo athu, komanso kuti amayi akudwala."

"Kuti akweze mtengo? Iwe Rosa, unabadwa liti?"

Rosaria anamutsina khutu kangapo konse, koma Dominic anatemetsa nkhwangwa pamwala. Mauthenga anayamba kuyenda pakati pa Mackay ndi Burnie, ndipo lililonse linkawawa kuposa linzake. Mayi Pybus anapempha, anapepesa, pomaliza nawo anapsa mtima. Dominic anawatcha wakuba wovala nkhope ya gogo. Anakadandaula kwa oyendetsa okushoniyo, ndipo nkhaniyo inakhala m'manja mwawo masabata angapo. Nthawi yonseyi a Concetta ankangofookerafookera. Dominic akapita kukawaona ankawagwira dzanja n'kunena kuti, "Amayi, akodiyoni ya bambo ili m'njira." Chodabwitsa n'chakuti mayi woiwala zonseyo, ichi chokha sanachiiwale. Namwino aliyense wolowa m'chipindamo ankamufunsa ngati yafika.

Chigamulo chinabwera mokomera Dominic: mtengo wolembedwa poyamba ndi umene ugwire ntchito. Tsiku lomwelo Mayi Pybus analemba mawu ochepa.

"Ndatumiza monga mwa ndalama yanu, pa lole ya kampani yotsika mtengo. Bokosi latsala kuno."

"Waona?" Dominic anauza mlongo wake, akugwedeza foni m'mwamba. "Munthu ukaima nji, mbava imabwerera yokha."

Rosaria anangopitiriza kutsuka mbale.

Katunduyo anafika m'katoni yopyapyala, yophwanyika mbali imodzi ngati yakhalidwa ndi ng'ombe. Dominic atainyamula anamva zinthu zikuchita gobedegobede m'katimo. Anang'amba katoniyo, nachotsa manyuzipepala ochepa amene anakulungira. Mvukuto wa akodiyoni unali utang'ambika, mabatani ena atathothoka, ndipo timalilime ta mkati totulutsa mawu tinali mbwee pansi pa katoni.

"Tisapite nayo kwa amayi," anatero Rosaria. "Tiwauze kuti sinafike."

Koma madzulo a tsikulo namwino anaimba foni kunena kuti amayi akukana kudya mpaka aione. Panalibe kothawira. Dominic anamatamata mvukuto uja ndi tepi, nabwezera mabatani amene anatha kubwezera, ananyamuka.

A Concetta anali atatsamira pamapilo, thupi litatha, atangotsala maso okha. Ataiona akodiyoniyo, nkhope yawo inawala ngati ya mtsikana. Anatambasula manja, naisisita pang'onopang'ono, chala chikudutsa pachipsera chija.

"Salvu," ananong'ona. "Wachedwatu iwe." Kenaka anayang'ana Dominic, ndipo tsiku limenelo anamuzindikira bwinobwino, namuitana dzina lake la paubwana. "Duminku, mwana wanga, imba ija ya pa ukwati wathu. Bambo ako anakuphunzitsa."

Dominic anakoleka malamba pamapewa. Anakoka. Kunatuluka mpweya wokhawokha, fuuu, ngati munthu wobanika. Anakokanso mwamphamvu, tepi ija n'kumatuka, ndipo liwu limodzi losasa linalira kamodzi n'kuzima. Batani lina linagwa pansi n'kugubudukira kunsi kwa bedi.

Kumwetulira kwa a Concetta kunazilala pang'onopang'ono.

"Yavulala," anatero. "Ndani waichita chonchi? Salvu sankalola ngakhale fumbi kuigwera. Ndani, Duminku?"

Dominic, munthu amene sanasowepo choyankha moyo wake wonse, anangoweramitsa mutu. Amayi ake anatembenukira kukhoma, misozi ikutsikira papilo. Rosaria anakhala m'mphepete mwa bedi nayamba kung'ung'udza nyimboyo, koma analekera pakati.

Atatuluka panja, Dominic anaimbira foni Mayi Pybus kuti awathire mawu. Anakalipa mpaka zonse zinatuluka: za bambo ake, za namondwe, za amayi ake ogona pabedi. Kenaka anamva mayiyo akulira.

"Mwana wanga, bwanji simunandiuze? Ndikanadziwa, ndikanaikulunga ndi bulangete langa lomwe. Ndalama ndikanakongola kwa mwana wanga wamkazi. Ine ndimaona ngati ndinu wamalonda wofuna kundifinya. Bwanji simunanene?"

Dominic anadula foniyo mwakachetechete.

M'mawa mwake anayendetsa galimoto ulendo wautali wopita kumzinda waukulu wa Brisbane, akodiyoni itamangidwa lamba pampando wakutsogolo ngati mwana. Mmisiri wokonza zoimbira anaitembenuza uku ndi uku, akupukusa mutu.

"Ikonzeka, koma zida zake n'zoitanitsa kunja. Ndi nkhani ya miyezi imeneyi."

"Tchulani mtengo uliwonse, bambo. Ndilipira kawiri, ngakhale katatu. Ndikuifuna sabata ino."

"Akulu, ndalama siikoka sitima yapamadzi," anatero mmisiriyo. "Mudikire basi."

A Concetta sanadikire. Anatsikira kulichete nyengo yodula nzimbe isanathe. Masiku awo omaliza sanafunsenso za akodiyoni, ndipo dzina la Dominic sanalitchulenso. Pamaliro Rosaria sanamunene mchimwene wake ngakhale liwu limodzi loipa. Anangomugwira dzanja kumanda, ndipo kwa Dominic kukoma mtima kumeneko kunawawa kuposa kutukwanidwa.

Mvula itayamba, mmisiri uja anaimba foni kuti ntchito yatha. Dominic anakaitenga yekha. Atafika nayo kwa Rosaria anaikoleka pamapewa, nakoka pang'onopang'ono. Mawu anatuluka oyera, okoma, ndendende ngati masiku a bambo awo, mpaka anadzaza nyumba yonse. Anaimba mzere umodzi wokha wa nyimbo ya pa ukwati ija, n'kulekera pomwepo. Anakhala pansi, naikumbatira akodiyoniyo, nalira ngati mwana.

Rosaria anaima pakhomo la khitchini, akupukuta maso ndi kumbuyo kwa dzanja.

"Ikulira bwino, achimwene," anatero. "Koma tiimbira ndani?"

Akuluakulu sananame pamene anati madzi akatayika saoleka.