Nduna Yomwa Pomaliza

Iwe Zione, siya kukankha anzako, mjigo suthawa. Khalani pa zidebe zanuzo, ndikati padangokhala muziti tili tonse.

Padangokhalatu, kale mitsinje isanapatsidwe mayina, nyama za m'chidikha china zinali ndi boma lawolawo. Mfumu Mkango anali ndi nduna ya msipu, nduna ya njira, ngakhale nduna ya maliro. Koma udindo umene aliyense ankauzemba unali wa nduna ya za madzi.

Dziko lonselo linali ndi dziwe limodzi. Linali dziwe lofatsa, madzi ake oyera moti mitambo inkatsika masana kudzagonamo. Panalibe mtsinje wothiramo, koma silinkaphwa, ndipo palibe ankadziwa chifukwa chake. Lamulo lake linali limodzi: nduna ya za madzi imamwa pomaliza. Njovu zimwe, njati zimwe, agwape amwe, nduna ili chilili pambali ikuimba:

Imwani, imwani, abale anga,
zotsala ndi zanga.

Onse akachoka, madzi atavunduka, nduna inkalowa mpaka pakati pa dziwe n'kuzika mphuno m'matope kufunafuna madzi ozizira apansi. Woyamba pa udindowu anali Njiri. Anagwada m'matopemo zaka zambiri moti mpaka lero amadya chogwada. Kenako kunabwera Nguluwe, kenako Fulu. Onsewa anapuma pa ntchito nkhope zili bii.

Fulu atakalamba, Kakowa anadzipereka. Kalelo Kakowa anali woyera paliponse, mlomo ndi miyendo yomwe. Ine Kakowa sindimuda, ana inu. Sanali wankhanza, sanali wakuba. Ankangoikonda kwambiri nkhope yake.

Tsiku loyamba anaimba nyimbo ija, nadikira bwinobwino. Koma ataona matope amene anamusiyira, anachita nseru, nauluka ulendo wa kwa mfumu.

"Pepani, mfumu," anatero Kakowa, "nduna ingadziwe bwanji kukoma kwa madzi ikamamwa zinyalala? Ndiloleni ndizimwa koyamba, ndiziwalawa anthu anu asanamwe."

Mkango anali atakhuta, maso ali ndi tulo. "Chitani mmene mwaonera, a Nduna," anatero, natembenukira kwina.

Ndiye m'mawa uliwonse Kakowa ankafika dziwe lili zii, nkhungu ikadali pamwamba pa madzi. Akasuzumira, ankaona Kakowa mnzake pansipo, woyera mbee, akuyandama pakati pa mitambo. Ankamuyang'ana, mnzakeyo n'kumamuyang'ananso, mpaka dzuwa kukwera. Akatero ankamwa pang'ono n'kuuluka.

"Madzi ali bwanji, a Nduna?"

"Ali bwino, mfumu. Ngoyera, ngokoma."

Mawa lake chimodzimodzi. Ngoyera, ngokoma. Koma madzulo pakati pa dziwe panalibenso wozika mphuno, ndipo dziwe linayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, ngati munthu wokwiya amene sakufuna kuyankhula. Akuluakulu ankamwabe. Omaliza pamzere tsopano anali mayi Gwape ndi kamwana kawo ka miyendo ngati mapesi.

Tsiku lina mayi Gwape anamupeza Kakowa akudzikonza nthenga.

"A Nduna, mwana wangayu dzulo wanyambita matope, dzana wanyambita matope. Taonani nthitizi."

"Mayi, ine ndamwa ndekha m'mawa uno. Madzi ali bwino."

"Inu mumamwa koyamba, a Nduna. Ife timamwa pomaliza. Tabwerani madzulo mudzaone."

Kakowa anakayang'ana kamwana kaja, ndipo chisoni anamva ndithu. Kenako anayang'ana miyendo yake yoyerayo.

"Ndibwera mawa, mayi."

Mawa linafika, iye anati mawa. Linafikanso, anati mawa.

M'mawa wina Kakowa anatera pa dziwe, nasuzumira. Mitambo mulibe. Mnzake uja mulibe. Matope okhaokha, ong'aluka m'mbali. "Mnzanga wamira!" anatero, nathamangira pakati, miyendo ikutitimira. Anazika mlomo m'matope, sanamupeze. Anazikanso, sanamupeze. Anazikanso mwamphamvu mpaka maso, ndipo mlomo unakhudza chinthu chozizira. Atauzula, madzi anatumphuka, oyera, akuwira kuchokera pansi.

Kodi mwaona, ana inu? Pakati pa dziwe panali kasupe. Tsiku lililonse ziboda za nyama zinkamutseka ndi matope, ndipo madzulo aliwonse nduna, pofunafuna pomwera, inkamutsekula. Njiri sankadziwa, Nguluwe sankadziwa, Fulu sankadziwa. Iwo ankangomwa pomaliza basi.

Madzi anakwera, anakwera, mpaka mitambo inabwerera kudzagonamo. Koma Kakowa sanasuzumirenso. Anathamanga ali matope okhaokha akufuula: "Mayi Gwape! Mayi Gwape! Bwerani naye mwana uja, madzi abwera!"

Njati anadzutsa mutu. "Mwachedwa, a Nduna. Anyamuka dzulo. Alowera kumapiri kukafuna madzi, mwana akudzandira pambuyo."

Kakowa anauluka chapansipansi kutsata mapazi awo pafumbi. Panali mapazi aakulu, pambali pake timapazi tating'ono. Anatsata, anatsata, kudutsa mitengo youma ndi zigwa zopanda mbalame. Atafika patsinde pa phiri, anapeza mapazi aakulu okha akupitirira.

Usandifunse, Zione. Inenso pamenepa pamandiwawa.

Kakowa anabwerera ku dziwe. Anatsuka mlomo, anatsuka miyendo, koma matope aja sanachoke, ndipo mpaka lero mlomo ndi miyendo yake n'zakuda. Mukamuona ataima yekha m'mbali mwa madzi, duu, osamwa, musamuponye miyala. Akudikira kuti onse amwe. Nthawi zina amadzutsa khosi kuyang'ana kumapiri, ngati kukubwera wina ndi kamwana pambuyo, ndipo mukatchera khutu mumumva akuimba chapansipansi:

Imwani, imwani, abale anga,
zotsala ndi zanga.

Nthano yanga yaphwera pomwepa. Nyamulani zidebe, wamng'ono atunge koyamba.

Amene wapatsidwa udindo woyang'anira madzi a anthu, azilawa madzi amene akumwa womaliza pamzere.