Phiri la Pathabwa

Panali munthu wina mumzinda amene ankasindikiza zithunzi pa matabwa. Mng'ono wake ndiye ankayenda ndi kamera kukajambula mapiri ndi mathithi. Mkuluyo ankangolandira zithunzizo n'kuziika pa thabwa losalala, anthu n'kumagula kukakoloweka pakhoma. Chimene chinkayenda malonda kwambiri chinali cha phiri la Mulanje. Anachisindikiza kambirimbiri, mpaka anayamba kudzitama kuti palibe mwala wa phirilo umene saudziwa. Koma kuphiriko anali asanapondeko.

Matabwa ake anali a mkungudza, onunkhira bwino, amene anthu ena ankamubweretsera mozemba. Mng'ono uja ankadandaula. "Achimwene, mitengo imeneyi ikuchokera kuphiri komweko. Tiyeni tsiku lina mukaone."

"Ndikaonenso chiyani?" ankayankha mkuluyo. "Phirilo si ili pakhomali?"

Chaka china mng'onoyo anathyoka mwendo, pamene hotela ina inali itaitanitsa chithunzi chatsopano. Mkuluyo anakolekera kamera m'khosi, n'kupita yekha.

Anakwera mu nkhungu, ali wefuwefu, osaona kanthu koma njira ya kumapazi kwake. Atafika pamwamba, mphepo inaomba, nkhungu ija n'kung'ambika. Patsogolo pake panaima thanthwe, lakuda, lonyowa, lokwera mpaka khosi linamupweteka poliyang'ana. Mitambo inali kunsi kwa mapazi ake. Kwinakwake madzi ankalindima, nthaka ikunjenjemera pang'onopang'ono. Munthu uja anavula chipewa osadziwa kuti wavula. Anakweza kamera, koma phirilo silinakwanemo. Basi anangokhala pansi.

Pamene anakhalapo anamva fungo limene ankalidziwa, fungo la m'nyumba yake yogwirira ntchito. Anali atakhala pa chitsa cha mkungudza, chachikulu moti mwana akanagonapo osalendewera miyendo. Atamwaza maso anaona zitsa zokhazokha kutsetsereka mpaka kumtsinje. Mtengo umodzi wokha ndiwo unatsala, wokalamba, ndere zikulendewera m'nthambi zake. Unaima phee pamaso pa thanthwe lija, monga unkaimira agogo a munthuyo asanabadwe. Munthuyo anauyang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsika.

Atabwerera kumzinda, anapeza obweretsa matabwa aja akumudikira pakhomo.

"Bwererani nawo," anatero. "Kuno musadzabwerenso."

Anayamba kusindikiza pa matabwa a paini. Makasitomala ena anamuthawa, ati fungo lija palibe, ndipo malonda anatsika. Iye sanabwerere m'mbuyo. Mvula ikagwa, iye ndi mng'ono wake ankasenza mbande za mkungudza kukabzala pakati pa zitsa zija, akudziwa kuti mthunzi wake sadzaukhala.

Abale anga, ambiri a ife ukulu wa Mlengi timaudziwa ngati chithunzi cha pakhoma. Timaukamba bwino, timauimbira nyimbo, kwinaku tikudya zimene manja ake anaumba popanda mantha. Chimene munthu sanaimepo pamaso pake, amachiwononga mtima uli m'malo. Nyamukani mukaone nokha. Ndipo mukakakhala pansi kumeneko, mukayang'ane chimene mwakhalira.