Ndevu Zimene Zinapsa ndi Moto wa Kanjedza

Ananu, mwambi uliwonse uli ndi pomwe unayambira. Uwu akuti unabadwira kuseri kwa tchalitchi lina laling'ono la kumapiri.

Pampingo umenewo panali amuna awiri a ndevu zofika pachifuwa, a Jelevazio Kamwendo ndi a Siliyako Mbendera. Anakulira limodzi ndipo ankaimba kwaya imodzi. Chilimwe china a Siliyako anayatsa tchire posaka mbewa. Mphepo inatembenuka, moto n'kukanyeketsa nkhokwe ya a Jelevazio yodzaza chimanga. A Siliyako anapita katatu kukapepesa.

"Pepani sapoletsa chilonda," anatero a Jelevazio, n'kutseka chitseko.

Zaka ziwiri zinatha osalankhulana. Pa Misa, nthawi yopatsana moni wa mtendere, a Jelevazio ankapinda manja. Popemphera Atate Athu, akafika pa mawu opempha Mulungu kuti atikhululukire monga ifenso tikhululukira ena, ankatseka pakamwa. Sankafuna kunamiza Mulungu, komabe pemphero lodukalo linkawawawa.

Tsono mpingo unali ndi mwambo wake. Kukatsala tsiku limodzi kuti lifike Lachitatu la Phulusa, akhristu ankabweretsa kanjedza wa chaka chatha kuti amutenthe, phulusa lakelo n'kudzapakidwa pachipumi. Chaka chimenecho akatekisi, kaya mwadala kaya ayi, anapatsa ntchitoyi amuna awiri omwewa.

Inali nyengo ya mvula, kanjedza anali ndi chinyezi, moto unkakana. A Siliyako anagwada n'kuyamba kuuzira. Anauzira kamodzi, kawiri. Kachitatu lawi linangoti lawilawi, ndevu zonse moto!

"Mayo ine! Achimwene, ndapsa!"

Ena amati a Jelevazio anayamba aima kaye n'kumaganiza. Zimenezo n'zowonjezera, moto wa ndevu sudikira munthu. Anavula jekete lawo lopempherera, nalumpha, n'kuwaphimba nalo kumaso. Moto unazima. Koma powerama paja, ndevu zawonso zinakhudza kanjedza woyaka.

"Zanunso! Zanunso zayaka!" anakuwa a Siliyako, n'kuzifumbata ndi manja awiri mpaka zikhatho kutuluka matuza.

Anakhala pansi onse awiri, akupuma wefuwefu, fungo ngati pomwe awaula nkhuku.

"Mwandizimira ine, amene ndinakutentherani nkhokwe?" anafunsa a Siliyako.

"Inu ndi moto simugwirizana, achimwene. Akatekisi anaganiza bwanji kukupatsani machesi?" Anaseka a Jelevazio mpaka misozi. Kenaka anati, "Nkhokwe ija ndaitula. Ndatopa nayo kuisenza."

M'mawa mwake analowa m'tchalitchi limodzi, zibwano zili mbee ngati za anyamata, mpingo wonse ukubisa kuseka. Anapakidwa phulusa lomwe lija. Ndipo a Jelevazio anapemphera Atate Athu mokweza, osadumpha liwu ndi limodzi lomwe.

Kuyambira pamenepo anthu amati: mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Taonani, chimanga chija sichinabwerere. Kukhululuka sikunena kuti cholakwa sichinachitike, koma kuleka kumusungira mnzako mlandu, podziwa kuti nawenso uli ndi ndevu ndipo umakhala pafupi ndi moto. Mkhristu amakhululuka chifukwa iye mwini amadalira kukhululukidwa. Kwa a Jelevazio, mawa lija silinadikire n'komwe kuti kuche.