Diso la Bariki

Patatha chaka chizunzo cha Akhristu chitaleka m'dziko la Numidiya, Rogato anafika pakhomo pa Bambo Kwinto dzuwa lili paliwombo. Rogato anali wowerenga Malemba mumpingo wa m'tauni yawo. Bambo Kwinto ndiwo anaphunzitsa pafupifupi aliyense amene anabatizidwa kumeneko, ndipo tsopano anali atakalamba. Anawapeza atakhala patsinde pa mtengo wa azitona, akusoka nsapato yawo yoduka lamba.

"Mtendere ukhale nanu, Bambo."

"Ukhale nanunso, mbale wanga. Senderani kuno kuli mthunzi."

Rogato anakhala, koma mtima uli m'malere. Dzulo lake mpingo unali utasankha Bariki kuti akhale dikoni. Bariki ameneyu anali wofufuta zikopa, munthu yemwe kale anthu ankasunthira kutali akakhala nawo pafupi chifukwa cha fungo la ntchito yake. Pa nthawi ya chizunzo asilikali anamugwira n'kumutumiza kumigodi, ndipo anabwerako ndi diso limodzi, mwendo akuchita kukoka. Chibwerereni, amayi ankamubweretsera makanda kuti awasanjike manja, ndipo akamadutsa pamsika ngakhale akuluakulu ankamuimirira. Lamlungu lina analowa mochedwa Rogato ali pakati powerenga, mitu yonse n'kutembenukira kukhomo. Rogato anamaliza ndimeyo akuwerengera nkhongo za anthu.

"Bambo," anatero Rogato, "ndabwera ndi funso, ndipo mundikhululukire ngati lili lolakwika. Kodi Mulungu amayang'ana chilonda kapena ntchito?"

"Funsani lonse, ndimve bwino."

"Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuwerenga mumpingo uno. Asilikali atayamba kutentha mabuku, ine ndinawakulunga munsalu n'kukabisala nawo m'nkhokwe ya tirigu kuseri kwa tauni, milungu isanu ndi umodzi, makoswe akundiyenda pamiyendo. Palibe tsamba ndi limodzi lomwe limene linapsa. Lero mpingo uli ndi Uthenga Wabwino chifukwa cha ine. Koma ndani wandithokozapo? Asankha munthu wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi."

Bambo Kwinto anakoka ulusi ndi mano, naumanga mfundo.

"Mabuku munawasungadi," anatero, "ndipo ine ndimathokoza Mulungu chifukwa cha inu. Ineyo ndinathawira kumapiri wopanda kanthu m'manja. Pa atatufe, ine, inu ndi Bariki, wamng'ono ndine."

Rogato sanabwerere zimenezo. Iye ankafuna kuti mkuluyo avomereze kuti mpingo walakwitsa.

"Bariki anangochita tsoka logwidwa," anatero, mawu akukwera. "Akanagwidwa ndine, bwenzi lero akupsompsona manja anga. Ndisakubisireni, Bambo, pali masiku amene ndimalakalaka diso lija likanakhala langa. Ndikamuona anthu atamuzinga, nsanje imandigwira. Mapemphero ake ndi achibwana, amabwereza mawu omweomwewo, koma anthu amalira. Ine ndikamawerenga amayasamula."

"Munapitako kukamuona chibwerereni kumigodi?"

"Ayi. Omuona ndi ambiri kale."

"Nanga munamufunsapo chimene anamugwirira?"

"N'chodziwikiratu. Anakana kufukiza lubani kwa milungu ya Aroma."

"Okana anali ambiri, mbale wanga, ndipo ambiri mwa iwo anangokwapulidwa n'kumasulidwa. Simunadabwepo kuti bwanji wofufuta zikopa yekha anamusunga masiku atatu m'nyumba ya asilikali?"

Zoona, Rogato anali asanaliganizirepo funso limenelo. Chaka chonse ankangoona ulemu umene Bariki ankalandira.

Bambo Kwinto anaika nsapato ija pansi.

"Bariki anandipempha kuti nkhani iyi isakufikeni," anatero potsiriza. "Ankaopa kuti idzakulemerani. Ndaisunga chaka chathunthu. Koma ndikuona kuti chimene mwanyamulachi chikukudwalitsani koposa, choncho ndikapepesa kwa iye ndekha."

"Nkhani yanji, Bambo?"

"Asilikali aja sankafuna zikopa. Ankafuna mabuku ndi munthu wowawerenga. Malo amene Bariki amayanikapo zikopa ali moyang'anizana ndi nkhokwe ija, ndipo mnansi wina anawauza kuti wofufuta zikopa ayenera kuti anaona kanthu. Anaonadi. Anakuonani mukulowa ndi mtolo wanu. Masiku atatu anamufunsa funso limodzi lokha, lakuti wowerenga ndani ndipo ali kuti. Tsiku loyamba anamukwapula. Lachiwiri anamuthyola mwendo. Lachitatu anabweretsa chitsulo chamoto."

Rogato anagwira tsinde la mtengo uja.

"Sindinadziwe," ananong'ona. "Bambo, nanga ndidzamuyang'ana bwanji? Ndichite chiyani?"

"Musamugwadire, pakuti angachite manyazi n'kukuthawani," anatero Bambo Kwinto. "Mawa m'mawa mutenge buku lanu mupite nalo kwake. Dikoni ayenera kuloweza mapemphero a pa Mgonero, ndipo iye sadziwa kuwerenga, monga mwanena nokha. Dzina lanu, Rogato, munthu uja anakana kulitchula masiku atatu pamaso pa asilikali. Walitchula dzulo, pamene ndinamufunsa kuti akufuna amuphunzitse ndani."