Pa Mbendera Sipaimanso Basi

Webster ankawotcha nsomba pansi pa mlambe kwa Mphuka, pamalo amene mpaka lero amatchedwa Pa Mbendera. Masiku amenewo asilikali ankabwera kudzaphunzira kuwombera m'mphepete mwa Zambezi. Akapachika mbendera yofiira pamlambepo, asodzi ankakokera mabwato kumtunda, ndipo basi ya ku Lusaka inkaima pompo kutsitsa asilikali ndi katundu wawo. Dzuwa likamafika paliwombo, nsomba za Webster zinali zitatha psiti.

Koma munthu akakhuta amalota masana. Webster ankati akatsinzina, amaona tauni: magetsi ali ngwee mpaka kumtsinje, hotela yolembedwa dzina lake, iye ali m'malaya oyera. Chuma chake chenicheni chinali dimba limene mayi ake anasiya, lomwe linkabereka ngakhale mvula ikakana. Anaganiza zolipereka kwa Everisto, mnansi wake, posinthana ndi malata ndi simenti.

"Alongo anga, dimba la amayi lomweli?" anatero mlongo wake Anastasia, misozi ili lengelenge. "Asilikali anuwa munawaonapo akubzala ngakhale papaya pano?"

"Iwe, manje boma lingathawe malo ake?" anaseka Webster. "Khasu ndatopa nalo ine."

Dimba linapita, hotela inamangidwa pafupi ndi mlambe uja, yokongola ndithu. Utoto usanaume bwino, asilikali anazula matenti awo, ulendo. Mbendera sinakwerenso. Basi inkangodutsa, n'kumusiyira fumbi. Komabe Webster ankasesa pakhonde m'mawa uliwonse, malaya oyera ali pathupi. Mphepo ikawomba kuchokera kumtsinje, ankatchera khutu, ati akumva mfuti patali. Kalanga, zinali mvuu chabe!

Chaka cha chilala chitafika, minda yakumtunda inapserera. Webster anakwera padenga, nayamba kuzula malata limodzilimodzi, kukasinthitsa ndi chimanga. Amene anali nacho m'dera lonselo anali Everisto. Everisto akumuyezera chimangacho m'chitini, Webster anazindikira maso ofiirira a mbewu ya mayi ake, ndipo analira ngati mwana.

Lero m'hotelamo mumagona mbuzi, denga lake ndi mitambo. Ana akafunsa kuti mbendera yake ili kuti, Anastasia amaloza mlambe, nkhope ili ndwii. Akuluakulu sananame: mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.